Zilembo za Makala Kuseri kwa Bafa

Giza ya gasi, makina otenthetsera madzi osamba pa loji ya a Sameer ku Nkhudzi, inayamba matukutuku mwezi wa Juni, mphepo ya mwera ili pachimake. Mlendo akangodzipaka sopo, moto unkazima, madzi n'kuzizira ngati a mumtsuko. A Sameer sanali munthu wotaya nthawi ndi kufufuza. Woyatsa gizayo tsiku ndi tsiku anali Mwanamvua, mayi wokonza m'zipinda, choncho wolakwa anali atapezeka kale. Anamuuza kuti fundi wokonza makinawo akangopeza kuti pali dzanja la munthu, ntchito yatha.

Mwanamvua anachita mantha zedi, chifukwa ana ake atatu ankadyera pa tsache lomwelo. Sukulu anailekezera sitandade 2, koma maso anali nawo. Moto ukazima, pa kagalasi ka gizayo pankatuluka zilembo zofiira, zomwe zinkasowa munthu akayatsanso. Tanthauzo lake sankalidziwa. Ankangozikopera ndi khala pakhoma la kuseri kwa bafa, poganiza kuti chinthu sichingalembe pachabe.

Fundi wake, Che Atumani, anabwera Lachinayi m'mawa pa njinga yamoto kuchokera ku Mangochi. Giza nayo inachita za mwana wodwala akaona dokotala: inayaka bwinobwino, madzi n'kumatentha. Che Atumani anafunsa nambala yomwe imatuluka ikazima. A Sameer, eni ake makinawo, anangoti pamatuluka tinthu tofiira. Apa Mwanamvua anatengera Che Atumani kuseri kwa bafa mwamanyazi. Pakhoma panali E3 khumi ndi mmodzi, ma 3 ena atayang'ana chakumbuyo.

Che Atumani anasangalala. Anafotokoza kuti pa giza za mtundu umenewo, E1 ndiye kuti moto wakana kuyaka, mwina gasi watha. Koma E3 ndiye kuti utsi ukusowa potulukira, ndipo makinawo amadzizimitsa okha kuti munthu asakomokere m'bafa. Anakwera padenga, pomwe panatulukira paipi ya utsi. Anatsika ndi kachidutswa ka neti ya udzudzu komwe kanamangidwa kukamwa kwa paipiyo, kakuda bii, tinkhungu touma, tizilombo touluka ta m'nyanja tija, titamatirira mpaka osaona kabowo n'kamodzi komwe.

Mwanamvua anaizindikira mfundo yomwe anamanga yekha pa kanetiko. Che Atumani anamuyang'ana pang'ono n'kuyamba kudzudzula nkhungu za chaka chino, ati zachuluka mopanda ulemu. Anali kumutchingira. Koma neti siidzimanga yokha, ndipo a Sameer anafunsa amene anaimanga.

"Ndine, bwana," anatero Mwanamvua. Kenaka anawonjezera motsitsa mawu: "Tsiku lija nkhungu zinagwera mu tiyi wa alendo, munati bowo lililonse pa loji pano litsekedwe."

 A Sameer anakumbukira tsikulo, ndi mmene anakalipira mpaka ku khitchini kumva. Anayang'ana kanetiko, anayang'ananso khoma lawo loyera lomwe linali makala okhaokha. Analowa mu ofesi, Mwanamvua n'kutsala akudikira chigamulo, tsache lili m'manja.

Kupepesa a Sameer sankakudziwa, ndipo sanakuphunzire tsiku limenelo. Anatuluka ndi kope latsopano ndi bolopeni, n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Che Mwanamvua, ikadzalembanso chilichonse, muzikopera umu. Khomalo musalipukute."