Chipembwe Si Chipembere

Ndaziona, khanda la miyezi inayi, anayamba ndi kachimfine wamba. Posakhalitsa chifuwa chinamugwira koopsa. Ankakhosomola mosalekeza mpaka milomo kuda bii, kenako n'kukoka mpweya molira kuti hwiii, n'kusanza mkaka wonse. Mwana anayamba kutha.

Mayi ake, a Yunike, anali atangobwera kumene ku Bindura kuchokera ku Dedza m'chaka cha 1986, kutsatira amuna awo a Enoki amene ankagwira ntchito pansi mumgodi. Chishona, chinenero cha kumeneko, chinali chisanawalowe m'khutu. M'mawa wina mwana atabanika kwambiri, awiriwa anathamangira naye kuchipatala.

Kumeneko anapeza a Sisita Loyce, mwana wobadwira m'komboni momwemo, amene bambo awo anali ochokera ku Malawi.

"Mayi a Ndaziona, mwanayu analandira katemera wa chipembwe?" anafunsa a Sisita.

"Chipembere? Iii, a Sisita! Galimoto inabweradi kukomboni ikulengeza kuti chipembere, chipembere. Ine ndinati kaya n'za osaka nyama. Nanga chipembere chingadzatani pamgodi pano?"

Amayi amene anali pamzere anafa nako kuseka. Koma a Sisita ayi, ndipo mpake kuwavulira chipewa mayi amenewa! Anawagwira dzanja a Yunike n'kunena kuti, "Simunalakwe, mayi. Tinalengeza m'Chishona chokha. Chipembwe ndi chifuwa chokoka mtima."

A Yunike matendawo ankawadziwa bwino, chifukwa kwawo anawalanda mlongo wawo ali wakhanda.

Mwana anamugoneka m'chipatala ndi kumuyeza magazi. A Sisita anabwera n'kuwauza kuti tizilombo tamulowadi, ndipo asilikali a m'thupi, aja amalimbana ndi matenda, achulukirachulukira m'magazi mwake.

"Ndiye zili bwino!" anatero a Enoki. "Asilikali akachuluka si ndiye kupambana nkhondo?"

"Bambo a Ndaziona, inu mumatsikira pansi pa kheji, chikepe chanu chija. Anyamata onse atasonkhana pamwamba, kheji n'kufa, pansi ntchito ingagwirike?"

"Ingagwirike bwanji? Tingangoti unjiunji pakhomo."

"Ndi zomwe zachitika kwa mwanayu. Tizilomboti timamatirira ku timaubweya ta m'njira ya mpweya, timene timasesa makhololo, n'kutifooketsa. N'chifukwa chake akubanika. Kenako timatulutsa poizoni wamitundu iwiri. Wina amatsekereza asilikali m'magazi kuti asatsikire kumene kuli nkhondo. Wina amaledzeretsa ochepa amene afikako, moti amalephera kumeza tizilomboto."

"Tochenjera chotere, tinthu tosaoneka n'komwe!" anadabwa a Enoki. "Nanga katemerayo amatani?"

"Amalidziwitsiratu thupi mdaniyo ndi poizoni wake. Tsiku lobwera tizilombo, timapeza thupi lili chire, kheji ikuyenda. Koma mwana abayidwe katatu, osalekezera panjira."

A Sisita anapereka mankhwala opha tizilombo kwa mwana ndiponso kwa makolo ake, kuti asafalitse matenda m'komboni. Anawaphunzitsa a Yunike kuyamwitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, makamaka mwana akangosanza. Anawachenjezanso kuti chifuwacho chimachedwa kutha, asataye mtima. Ndaziona akabanika, a Sisita ankasiya tiyi wawo patebulo n'kuthamanga kukamuchotsa makhololo. Pang'ono ndi pang'ono milomo inasiya kuda, mkaka unayamba kukhazikika m'mimba, ndipo tsiku lina anamutulutsa. Atachira bwinobwino analandira katemera wake yense.

A Yunike sanakhale pansi. Galimoto ya katemera itabweranso, iwo anali patsogolo, mwana kumbuyo, kugogoda khomo ndi khomo la anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique.

"Anzanga, tulutsani ana! Akamati chipembwe sakunena nyama ayi, akunena chifuwa chokoka mtima. Ine ndinanyozera, mwana wanga anatsala pang'ono kupita."

Tsiku limenelo mzere unafika mpaka pampopi wa madzi.

Makolo, pitani ndi ana kukatemera katatu konse, ndipo mwana akayamba kukhosomola mobanika musachedwe kunyumba. Mawu a kuchipatala akakupitani, funsani, kufunsa si uchitsiru.

Ndaziona anakula wamphamvu, wothamanga kuposa anyamata a kusukulu kwake. M'komboni monse palibe amene ankamuitana dzina lake lenileni. Ankangomuti Chipembere, ndipo mayi ake akamva, ankaseka misozi ili m'maso.