Zida za Lole pa Njinga ya Mpikisano

Njinga ya a Makaniko inali yomangidwa ndi tcheni kumzati wa pakhonde, ndipo kiyi wa loko ankasunga ndi akazi awo. Fumbi linali litayamba kale kudzaza pachishalo. Eni ake ankangoisuzumira pawindo ngati munthu wozonda wodwala.

A Makaniko anali bambo wa imvi, katswiri wokonza malole. Atapezeka ndi matenda a shuga, adokotala anawauza kuti azilimbitsa thupi. Iwo analowa gulu la anthu ochita mpikisano wa mbali zitatu: kusambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga, zonsezi motsatizana tsiku limodzi. Anzawo a kugalaja anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma shuga anatsika, mimba inaphwa, ndipo bambo amene ankangokhala ndwii pampando anayambanso kuimba posamba.

Zinthu zinaipa Loweruka lina. Akuyeserera pamsewu wakutali wopanda nyumba, tayala lakumbuyo linabooka. Chikwama cha zida anali nacho kumsana, koma analephera kukonza. Anakankha njinga padzuwa mpaka anagwa chikomokere. Anawatola ndi dalaivala wina wonyamula mchenga, ndipo anakatsitsimukira kuchipatala.

"Njinga imeneyi ndiigulitsa," anatero akazi awo atabwerera kunyumba. "Ine umasiye sindikuufuna. Mukanafera kutchire kuja, ana ndikanawauza chiyani?"

"Mayi, inali ngozi chabe."

"Ngozi yachiwiri muionere pawindo pomwepo."

Mayiwa sanali ankhanza, anali ndi mantha. Koma kumanga njinga sikunabweretse mtendere m'nyumbamo. A Makaniko anabwerera pampando wawo uja. Ankachoka kuntchito, n'kudya mosayankhula, n'kukagona. Shuga anayambanso kukwera. Akazi awo ankaona zonsezi ndipo mtima unkawawawa, chifukwa kumasula njinga kunali kuopsa, kuisiya yomanga kunalinso kuopsa.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala mayi wina wophunzitsa masewera kusukulu, yemwenso ankayang'anira nawo mipikisano ya gulu lija. Anthu ankangowatchula kuti a Wenzulo. Tsiku lina masana analowa pageti n'kuima pafupi ndi njinga ija.

"Aneba, mkaidi uyu analakwa chiyani?" anafunsa.

"Anafuna kundiphera amuna anga," anayankha akazi a Makaniko, amuna awo ataima pakhomo.

"Njinga siipha munthu chifukwa cha tayala lobooka. Bambo, tabweretsani chikwama chimene munanyamula tsiku lija."

A Makaniko anachibweretsa monyada ndithu, n'kukhuthula pansi. Munatuluka masipanala akuluakulu, pulayazi, hamala, sikuludilaiva yaitali ndi pampu yopopera ndi phazi. Kunena zoona, zinali zida zokwanira kudzutsa lole yakufa.

"Ine ndakonza malole moyo wanga wonse," anatero. "Kanjinga n'chiyani?"

"Chabwino. Tamasulani chishalochi ndi chida chilichonse mwa izi."

Anatola sipanala iyi, anatola iyo, koma palibe inagwira. Mabawuti a njinga ya mpikisano alibe mutu woti sipanala igwire. Ali ndi kabowo pakati, kolowetsamo kachitsulo kakekake.

"Nanga pampuyi inakuthandizani?" anafunsanso a Wenzulo.

A Makaniko anazyolika. Nkhaniyi anali asanauzepo munthu, ngakhale akazi awo.

"Tayala ndinalitsegula ndi sikuludilaiva, ndiye ndinaboolanso chubu penapake," anatero motsitsa mawu. "Ndinamata zigamba bwinobwino. Pofuna kupopa, pampu osalowa. Valavu ya njingayi ndi yowonda, pampu yanga ndi ya valavu yonenepa ngati ya galimoto. Ndinakhala pansi ndi chitsulo chonsechi, mpweya osaupeza."

Akazi awo anawayang'ana. Misozi inalengeza m'maso.

"Ndiye munanyamula galaja yonse kumsana, mukudwala chonchi, popanda ngakhale chimodzi chothandiza?"

A Wenzulo anapita kwawo n'kubwera ndi kachikwama kakang'ono komangirira kunsi kwa chishalo, kongokwana m'manja.

"Zida sitisankha poona kukula kwake. Timafunsa kuti, njinga yangayi imaonongeka pati kawirikawiri? Choyamba ndi tayala. Ndiye nyamulani chubu chatsopano cha saizi yake. Nambala yalembedwa m'mbali mwa tayalamu. Nyamulani timapulasitiki tiwiri totsegulira tayala, chifukwa chitsulo chimang'amba chubu. Pampu ikhale yaing'ono, ndipo muiyese pa valavu yanu musanalipire m'sitolo."

Kenako anatulutsa kachida kopindika ngati mpeni wa m'thumba, kokhala ndi tizitsulo tosiyanasiyana.

"Aka kamalowa m'mabawuti onse a njingayi, a chishalo, a mahandulo ndi a mabuleki. Mukamapita kutali poyeserera, onjezerani zigamba, guluu ndi kachitsulo kolumikizira tcheni chikaduka. Foni, madzi ndi maswiti a shuga wanuyo musasiye, ndipo mayiwa muziwauza msewu umene mwalowera."

"Nanga tsiku la mpikisano?" anafunsa a Makaniko, mawu atayamba kubwerera.

"Tsiku limenelo chubu, timapulasitiki, pampu ndi kachida aka n'zokwanira. Koma dziwani kuti pampikisano wathu munthu wapadera saloledwa kukukonzerani. Akangogwira njinga yanu, ine ndemwe ndimakuchotsani. Choncho muphunzire pakhonde pano, osati pamsewu."

Mayi a m'nyumba anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

"Njinga sindimasula," anatero. "Ndikupatsani tayala lokha. Mukandionetsa kuti mukutha, tidzakambirana."

Zinayenda choncho. Madzulo alionse a Makaniko akaweruka, ankapeza tayala litaphwetsedwa dala. Poyamba ankatsina chubu ndi tayala, n'kuyambiranso akung'ung'udza. A Wenzulo anawaphunzitsa kuyendetsa chala m'kati mwa tayala kuti apeze munga kapena kagalasi, chifukwa ukachisiya momwemo chimaboolanso chubu chatsopano. Patapita nthawi manja anazolowera. Tsiku lina akazi a Makaniko anabwera ndi kiyi n'kumasula njinga, nkhope ili yakugwa.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi mitambo ndiponso kamvula kowaza. A Makaniko anasambira bwino, anakwera njinga n'kuzimiririka pakona. Akazi awo anaima pamalo obwezera njinga, atafunda juzi la amuna awo.

Opalasa anayamba kubwerera. Anafika anyamata, anafika amayi, anafikanso mkulu wina wonenepa amene aliyense ankati akhala womaliza. Malo oimika njinga anadzaza, kupatula amodzi. Ambulansi itadutsa kulowera komwe kunapita njinga kuja, mayiwa anakhala pansi pa udzu wonyowa. Anadzida chifukwa chomasula loko uja.

Kenako pakona panatulukira munthu wa imvi akupalasa pang'onopang'ono, matope thupi lonse. Anatsika, anaimika njinga, n'kukweza manja awiri akuda bii ndi girisi.

"Linabookanso, mayi!" anakuwa akuvala nsapato zothamangira.

"Ndiye?"

"Ndakonza ndekha!"

Anamaliza mpikisanowo anthu atayamba kale kupasula matenti, ndipo mphotho sanalandire. Koma anafika ndi miyendo yawo, ndipo akazi awo anawakumbatira osasamala za matope, akulira poyera.

Inu amene mumapalasa njinga, kaya poyeserera kaya pampikisano, nyamulani zida zochepa zimene zikukwana njinga yanu, ziyeseni musananyamuke, ndipo phunzirani kuzigwiritsa ntchito muli pakhomo. Kunyumba kuli anthu amene akudikira kuti mubwere.