Boma la Pamzere

Windo la ofesi yodinda mapepala linatsekedwa Lolemba lina m'mawa, atapachikapo kapepala kakuti "Tibwera posachedwa." Anthu anadikira. Pofika Lachitatu anali atachuluka, akukankhana, kutukwanizana, wina mpaka kuluma mnzake khutu polimbirana kuti anayamba kufika ndani. Pamenepo mpamene mdala wina, amene analondera fakitale ya sopo zaka makumi awiri popanda womupatsa moni, anasolola cholembera m'thumba n'kuyamba kulemba manambala pa zikhatho za anthu. Phokoso lonse zii. Ufumu umayamba chonchi, abale inu, osati ndi mfuti ayi. Cholembera chabuluu, chotafunidwa kumsonga.

Pomatha mwezi, mdala uja anali a Tcheya. Mpando wawo unali kreti ya zakumwa yovundikira. Wachiwiri wawo anali Kondakitala, yemwe anachotsedwa ntchito pa basi koma kukamwa kunali kusanachotsedwe. Panali Nduna ya Mthunzi, yogawa malo pakhonde, ndi Nduna ya Kuchimbudzi, yosunga malo a amene apita kukadzithandiza. Sikisi koloko m'mawa ankaitana manambala, ndipo wochoka pamzere osatsanzika, nambala yake inkafera pomwepo. Zoti windo silikutsegulidwa chifukwa chiyani, imeneyo inali ntchito ya komiti ina, yomwe inkakumana Lachisanu lililonse n'kugwirizana tsiku lokumananso.

Ndipo tisawanamizire, a Tcheya ankalamulira bwino. Wogulitsa nyama anabwera ndi chiwindi chathunthu kuti amusunthire kutsogolo, anabwerera nacho chikudontha. Kenako kunabwera mwana wawo weniweni, mtsikana mmodzi yekhayo amene malemu mkazi wawo anawasiyira. Anali atamaliza maphunziro a unamwino ndipo chipatala china chinali chitamulemba ntchito, koma chinati abweretse satifiketi yodinda pasanakwane folo koloko ya Lachisanu lomaliza la mweziwo, apo ayi malowo apatsa wina. A Tcheya anagwira dzanja la mwana wawo n'kulembapo 212.

"Lamulo lilibe mwana," anatero. Anthu anawomba m'manja mpaka manambala ena kufufutika.

Lolemba la mlungu womalizawo, a Tcheya anazungulira kuseri kwa nyumbayo n'kukumana ndi mayi wosesa akutaya madzi a m'chidebe.

"Kodi bambo, inu ndi gulu lanuli mumadikira chiyani kumasoku?" anafunsa mayiyo.

"Chidindo, mayi."

Mayi uja anaseka mpaka kutsamira tsache. "Iii, ofesitu inasamuka kalekale! Msewu winawo, kuseri kwa sitolo ya nsapato. Kulibe ndi mzere womwe."

A Tcheya anapita mozemba, chipewa atachitsitsira kumaso. Zoonadi. Chitseko chili pululu, mabenchi opanda munthu, kalaliki akuyasamula pa tebulo. Atawaona anadzuka ngati waona m'bale wake. "Madala, muli ndi choti ndidinde? Chilichonse. Dzanja layamba kuuma ili." A Tcheya anafufuza m'matumba, ndipo mpamene anazindikira kuti pepala lomwe iwo eni anabwerera pamzere paja anali ataliiwala kuti linali la chiyani. Anatuluka chothawa.

Pobwerera mutu unawira. Akauza onse, boma latha lero lomwe, abwerere kukakhala pakhonde kunyumba, kumene ngakhale galu sawadzukira. Akauza mwana yekha, ndiye kuti ndi wakuba ngati atsogoleri ena onse, iwo amene anakana chiwindi. Anasinkhasinkha, n'kusankha zimene akuluakulu amasankha zinthu zikavuta: anati aona mawa.

Koma pakamwa pa mayi wosesa panalibe chitseko. Lachiwiri m'mawa mzere wonse unali manong'onong'o. Kondakitala anawerama pa khutu lawo. "Bwana, musadandaule. Anthu akakhala ndi mdani, windo sakhala nalo ntchito. Apatseni mdani."

Ndipo a Tcheya anawapatsa, ndikunena ndi manyazi. Anakwera pa kreti n'kulengeza kuti nkhani yosamukayo ndi bodza la a manambala akumbuyo, ofuna kuti akutsogolo achoke iwo asunthe. Wina atafuula kuti alumbire, anakweza dzanja n'kulumbira pali malemu mkazi wawo. Tsiku lomwelo panakhazikitsidwa lamulo: wotchula zoti ofesi inasamuka, apite kumchira. Anthu anayamba kunenezana. Mlamu ananeneza mlamu wake, wina ananenezedwa chifukwa choyang'ana kumsewu winawo nthawi yaitali. Akutsogolo anathothoka ambiri moti pofika Lachinayi, mwana wa a Tcheya anali nambala 9, ndipo anabwera kudzawaonetsa chikhatho akumwetulira.

"Mwaona bambo? Chilungamo chimalipira."

A Tcheya anati eya, n'kuyang'ana kumbali.

Lachisanu mtsikanayo anafika atavala nsapato zoyera za kuntchito, satifiketi ili m'pulasitiki kuti isadetsedwe ndi thukuta. Anaima chilili, maso pa windo. Thu koloko inakwana. Fili koloko. Komiti yofufuza za windo inakumana, n'kumwazikana. A Tcheya ankangoyang'ana wotchi, kuyang'ana nsapato zoyera zija. Patatsala theka la ola, anakwera pa kreti.

"Abale anga, ndinakunamizani. Ofesi inasamukadi. Ili kuseri kwa sitolo ya nsapato, ndinakaiona ndi maso angawa. Pitani, mukadinditsa pompano."

Ankayembekeza kuti anthu athamanga, mwinanso kuwaponda. Palibe anasuntha. Amene anayamba kulankhula anali nambala 1, bambo wonenepa yemwe anali atagulira mpando wopinda ndi ambulera chifukwa cha mzerewu.

"Miyezi iwiri ndikupsa padzuwa kuti ndikhale woyamba, ndiye ndipite kumene aliyense angofika n'kulowa? Ngakhale wobwera lero? Zamwano!"

"Agulidwa awa!" wina anakuwa.

Kondakitala sanachedwe. Anasolola cholembera m'thumba la malaya a a Tcheya mwaulemu wonse, ngati akuwachotsa kachitsotso, n'kufunsa gulu kuti lamulo likuti chiyani pa munthu wotchula zosamuka. Gulu linayankha ngati kwaya. Anawagwira dzanja n'kuwalemba 431.

Mdala uja, pakuti u-Tcheya unali utatha, anadziphwatula n'kuthamangira kwa mwana wake.

"Mwanawe, thamanga. Mphindi zisanu wafika. Kalaliki ali pomwepo, akungoyasamula."

Mtsikanayo anawayang'ana mwachisoni. "Bambo, wakuopsezani ndani? Kondakitalayu?"

"Palibe! Ndinanama Lachiwiri, lero ndikunena zoona."

"Munalumbira pali amayi."

"Ndinanama pali amayi ako omwewo. Pita, ndagwira mwendo wako!"

Anapukusa mutu, misozi ili lengelenge, koma mawu ake anali odekha. "Ayi bambo. Onsewa mwina mungawanamize. Koma inu simungandiimike ine padzuwa masiku anayi mukudziwa. Ndimakudziwani. Pitani mukapume, akatsegula ndikuuzani."

Anawakonza kolala ya malaya, n'kutembenukira ku windo, satifiketi ataikumbatira pachifuwa.

Nduna ya Mthunzi ndi Nduna ya Kuchimbudzi anamugwira mdalayo uku ndi uku n'kumuperekeza kumchira. Mzere unali wautali, unakhota pakona n'kutsika ndi msewu, moti pamene anamusiya ankaona bwinobwino chikwangwani cha sitolo ya nsapato, ndi kalaliki uja ataima pakhomo akuyang'ana uku ndi uku ngati pangabwere munthu. Mdalayo anakuwa dzina la mwana wake mpaka mawu kusasa, koma wa nambala 430 anamuuza kuti pamzere sapanga phokoso. Folo koloko itakwana, kalaliki anayang'ana wotchi yake, n'kutseka chitseko.