Singano ya Pamsana

"Ababa, kodi piritsi limadziwa bwanji pamene pakupweteka?"

Anafunsa ndi Ursula, ataona bambo ake akumeza mapiritsi awiri oyera asanapite kuntchito. Lawford Chikaonda anaseka namuuza kuti piritsi lili ndi maso. Mwanayo anakhulupirira. Chaka chotsatira anamwalira, asanadziwe kuti bambo ake ankangocheza.

Funso limeneli linamubwerera Lawford ali pabenchi m'kachipinda ka kuchipatala ku Old Town, atakhalira tako limodzi, mkazi wake Efelo ali pambali. A Edwell, othandiza madokotala, anali kuliyankha osadziwa kuti linafunsidwapo.

"Piritsi silidziwa kanthu, a Chikaonda. Likalowa limangoyendayenda thupi lonse, kumsanako kumafika pang'ono chabe. Koma poyamba limatera m'mimbamu. Zaka zonsezi lakhala likukumba, tsopano muli chilonda. Chimbudzi chakuda mukunenachi ndi magazi. Mapiritsi amenewa muwasiye lero."

"Ndikawasiya ndigwira bwanji ntchito?" anafunsa Lawford.

Msana unayamba nthawi imene ankamanga maofesi a boma ku Capital Hill. Iye anali m'gulu losenza matumba a simenti kukwera nawo pamwamba. Tsiku lina akutula thumba anamva kanthu kakuti thi m'chiuno, ndipo kuyambira pamenepo ululu unkatsika mwendo wakumanzere mpaka kuchala, ngati waya wotentha. Ntchito yomanga anaisiya. Anapeza ya m'maluwa ku Area 11, kwa bwana wina wa m'boma amene anasamuka ndi likulu kuchokera ku Zomba, ndipo ankakhala m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu.

"Ilipo njira ina," anatero a Edwell. "Kumapeto kwa mwezi uno kubwera dokotala wochokera ku Blantyre. Sang'amba ayi. Amalowetsa kasingano pamsana, pamalo penipeni pamene mtsempha wapanikizika, n'kuthirapo mankhwala. Mugona pang'ono, madzulo muli kwanu. Sindikunamizani kuti mudzachiriratu. Ena amapuma miyezi, ena amabwereza. Koma mimba yanu ipumako."

Efelo anadzutsa mutu.

"Mwati pamsana?"

"Inde, mayi."

"Mwana wanga anabwera kuno akulankhula. Anamupinda, n'kumubaya pamsana, n'kuchotsa madzi. Ine ndinamugwira miyendo ndi manja angawa. Kutacha tinanyamula mtembo."

A Edwell anaika cholembera pansi. "Pepani kwambiri, mayi. Ngati anali matenda oumitsa khosi, amene aja amapha okha, mwachangu. Singano ija inali yofufuzira. Iyi ndi ina, sichotsa kanthu."

"Singano ndi singano," anatero Efelo, akumanga bwino chitenje. "Msana ndi msana."

Pobwerera anakwera basi. Anawoloka mlatho, nadutsana ndi malole a njerwa opita ku City Centre, fumbi lofiira likulowera m'mawindo. Atatsika, Lawford anayenda pang'onopang'ono, akupuma pamtengo uliwonse.

Pampanda wa maluwa anapeza Jobu, wantchito wa nyumba yoyandikana nayo, atatsamira chikwakwa. Awiriwa anadziwana kosenza simenti komwe kuja, ndipo Jobu naye anachokako ndi msana, kungoti iye unkamutsikira mwendo wakumanja.

"Abwera achimwene anga a theka!" anafuula Jobu. "Alamu, ndimanena ine, atatiphatikiza awirife atha kupeza munthu mmodzi wabwinobwino. Awa apereke wakumanja, ine wakumanzere."

"Mutu ukhala wa ndani?" anafunsa Lawford.

"Wanga. Wanuwo wadzaza maluwa."

Efelo sanaseke. Analowa m'nyumba. Lawford anafotokoza za singano ija motsitsa mawu, ndipo Jobu anaimba mluzu.

"Inenso anandiuzapo. Ndinati ndikaganize, mpaka lero ndikuganizabe. Yambani ndinu akulu. Mukabwerako mukuvina, ine ndili pambuyo panu."

"Ndikapanda kubwerako?"

"Ndiye wilibala yanuyo ndisunga ine." Anaseka, kenaka analeka. Anayang'ana kumtunda kumene madenga a maofesi ankanyezimira. "Nyumba zija zaima chilili, achimwene. Tapindika ndife."

Lawford anawasiyadi mapiritsi. Masiku oyamba anayesa kulimba mtima. Kenaka anayamba kudula kapinga atagwada, chifukwa kuwerama kunali kosatheka. Akafuna kuimirira ankakwera ndi mpini wa khasu. Mkazi wa bwana anamuona pawindo, ndipo tsiku lina anamufunsa mwaulemu ngati ntchito yamukulira. Lawford anadziwa tanthauzo la funsolo. Ntchito ikatha, kanyumba kaja kathanso.

Masana ena Efelo anamupeza kuseri kwa nyumba atagona chafufumimba pasimenti, ataluma kolala ya malaya kuti a m'nyumba yaikulu asamve. Anamuyang'ana kwa nthawi. Kenaka anatenga mpango wake nakwera basi ya ku Old Town.

M'sitolo ina ya pafupi ndi msika anati, "Ndikufuna mankhwala a ululu, koma osati mapiritsi. Mwamuna wanga anamuletsa."

Wogulitsa anamupatsa timapepala topindapinda, m'kati muli ufa woyera. Efelo anaufikisa pakati pa zala. Unali wosalala ngati ufa wosefa. Mtima wake unakhala pansi. Iye ankadziwa kusamala wodwala: munthu wa zilonda m'mimba sumupatsa chimanga chokazinga, umamupatsa phala. Piritsi ndi louma, lili ndi m'mphepete, n'chifukwa chake limakanda. Ufa ungakande chiyani?

Anauthira m'tiyi. Lawford analawa kuwawako nayang'ana mkazi wake.

"Naphiri, mwaikamo chiyani?"

"Imwani. Si mapiritsi. Onani nokha."

Iye anaona ufawo, ndipo zimene mkazi wake ananena zinamumvekera zoona. Mwinanso ankafuna kuti zikhale zoona. Anamwa. Madzulo amenewo anathirira maluwa ataimirira. Efelo anasangalala kotero kuti anatenga timapepala tingapo nakapatsa Jobu pampanda.

Tsiku la dokotala litafika, Lawford anasamba m'mamawa navala jekete lake la kutchalitchi. Bwana anali atamulola kale. Atatembenuka kuti atuluke anapeza Efelo atakhala pakhomo, miyendo atatambasula, msana atatsamira mphuthu.

"Ndidutse, Naphiri."

"Dutsani. Ndakugwirani?"

"Tiyeni limodzi. Mukaone nokha."

"Ndinaona kale." Mawu ake sanakwere. "Ndinaperekeza mmodzi, abambo a Ursula. Ndinamuuza kuti usaope, ndi kasingano chabe. Anandikhulupirira. Wachiwiri sindiperekeza."

"A Edwell anati ndi zosiyana."

"A Edwell akaweruka amakapeza ana awo. Ine ndatsala ndi inu basi. Kodi ufa uja sukugwira? Dzulo simunakankhe wilibala?"

"Ukugwira."

"Nanga mukukafuna chiyani?"

Lawford anaima pakati pa chipinda. Singanoyo ankaiopa, koma osati kwambiri. Chimene chinamulaka chinali nkhope ya mkazi wake, imene inali ndendende ngati m'mawa uja anatuluka m'chipatala atanyamula kansalu kofunda mwana. Anaganiza zoti Efelo akhala pakhomo pamenepo tsiku lonse, akumvetsera galimoto iliyonse yodutsa mumsewu. Anavula jekete nalikoloweka pamsomali.

"Adzabweranso dokotalayo," anatero. "Tidzaona ulendo winawo."

Jobu atamuona m'maluwa anafunsa, "Bwanji, mwavina kale?"

"Ng'oma yang'ambika," anayankha Lawford.

Mvula inayamba. Kapinga anakula msanga, ntchito inachuluka, ndipo timapepala tinkatha msanga. Lawford anayamba kuyera m'maso ndi m'zikhatho. Akakwera kachitunda ka kugeti ankapuma ngati wathamanga. Efelo anati ndi kuchepa kwa magazi, nayamba kumuphikira bonongwe ndi chisoso tsiku ndi tsiku. Za chimbudzi chakuda Lawford sanauze munthu.

M'mawa wina Jobu anamva paipi ikungotaya madzi mbali inayo ya mpanda kwa nthawi yaitali. Anaitana, osayankhidwa. Atasuzumira pampanda anaona mnzake atagona chammbali pakati pa maluwa, madzi akutsuka magazi amene anasanza. Jobu analumpha mpandawo, chinthu chimene anali asanachitepo chichokereni ku simenti. Bwana wa Lawford anatulutsa galimoto yake yomwe. Kuchipatala anayesetsa, anamuika magazi, koma dzuwa lisanapendeke Lawford anali atatsamaya kotsiriza.

A Edwell anamupeza Efelo pakhonde, atakhala pansi.

"Mayi, pepani. Ndifunse chimodzi chokha. Anabwerera ku mapiritsi?"

"Ayi. Ngakhale limodzi. Ndinaonetsetsa ndine." Anamasula mfundo ya pachitenje natulutsa kapepala. "Ndimawapatsa awa, ofewa."

A Edwell anakatenga, nawerenga timalemba ta pamwamba. Anatiwerenganso mobwerezabwereza, mpaka Efelo anawayang'ana kumaso.

"Nenani."

"Ndi omwe aja, mayi. Anangowapera."

Efelo sanalire pamenepo. Anangoyang'ana zala zake.

"Ine ndinati mapiritsi," anatero a Edwell motsitsa. "Za aufa sindinatchule. Ndikanayenera kutchula."

Maliro anakaika kwawo ku Nathenje, pafupi ndi manda a Ursula. Patapita masabata angapo Efelo anabwerera ku Area 11 kudzatenga katundu, chifukwa wantchito watsopano anali atapezeka ndipo ankadikira kanyumbako. Katunduyo sanali wambiri: mphasa, mapoto, mbaula, ndi jekete lija limene linali likadali pamsomali. Jobu anabwera kudzathandiza kumanga. Nthabwala zinali zitamuthera. Atawerama kuti akoke chingwe anauma pomwepo, dzanja lili m'chiuno, mano ali gwa. Anakhala pansi pang'onopang'ono, napisa m'thumba la malaya.

"Alamu, mundigawireko madzi."

Efelo anatembenuka ndi kapu m'manja, naona kapepala kopindapinda. Kapu inagwa. Anamulanda kapepalako mwamphamvu moti ufa unamwazikira pansi.

"Alamu, n'chiyani?"

"Mukumwabe?"

"Si munandipatsa ndinu? Atatha ndinakagula ena. Amathandiza."

"Ndi amene apha anzanu." Anakhala pansi moyang'anana naye. Anamuuza zimene ananena a Edwell, mawu ake onse, osachotsapo. Apa ndi pamene misozi inabwera, ndipo Jobu anayang'ana kumbali kufikira italeka.

"Kuchimbudzi mukuona zotani?" anafunsa Efelo, akupukuta m'maso.

"Aa, alamu, zimenezo n'zofunsana ife?"

"Manyazi ndinawakwirira ku Nathenje. Zakuda?"

Jobu anatola kamtengo nayamba kukanda pansi. "Masiku ena."

"Mawa mupite kwa a Edwell mukawauze. Ndipo mukafunse tsiku limene dokotala wa singano adzabwere."

"Ndikulidziwa kale. Lachiwiri loyamba la mwezi wamawa." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Ndimati ayambe akulu. Tsopano akulu apita, sanandiuze ngati imapweteka. Ine ndine wamantha, alamu. Mayi a kunyumba ali ku Mitundu ndi ana, ndipo akamva za pamsana adzakhala pakhomo ngati..." Anadziletsa.

"Ngati ine. Malizani."

"Sindimafuna kutero."

"Inenso ndikuopabe," anatero Efelo. "Musaganize kuti zatha. Ndikamva za singano imeneyo ndimakumbukira Ursula. Mwina ikakuthandizani, mwina ayi, ine sindidziwa. Koma ufa uwu ndaona kumene umathera."

Panja wantchito watsopano anali atayamba kale kudula kapinga, chikwakwa chikulira mofulumira, ngati cha munthu amene msana wake sunamuuzepo kanthu.

"Ndidzabwera," anatero Efelo. "Ndidzakwera basi yoyamba ku Nathenje. Ndidzakuperekezani mpaka pakhomo la chipindacho, ndipo akandilola ndidzalowa. Koma inu, kuyambira lero, ufa ayi, piritsi ayi, kupatula chimene akupatseni a Edwell. Ululu ukakula lumani malaya. Anzanu ankatero."

Jobu anapisanso m'thumba natulutsa timapepala totsala. Anatiyang'ana, kenaka anatiika m'dzanja la Efelo.

"Mukadzandipeza ndathawa?"

"Ndidzakhala pageti la abwana anu mpaka mutuluke. Kukhala pakhomo ndimatha."

"Simudzadikira, alamu. Mudzandipeza nditasamba."

Efelo anaimirira, nachotsa jekete pamsomali, nalikuntha fumbi. Analipinda bwino n'kuliika pamiyendo pa Jobu.

"Mudzavale ili," anatero. "Linatsala pang'ono kufikako."