Mkazi wa Pakati pa Mbale

1.
Amazungulira. Pakati pa mbale iliyonse ya galamafoni ya kampani ina ya ku Joni pali iye: ndolo, khosi lalitali, mpata m'mano. Pa mbale zanga, pansi pake pali dzina la mwamuna wanga, Lufeyo Kachingwe, woimba gitala.

2.
Chaka cha 1952. Lufeyo akadali ku Joni. Watumiza galamafoni, singano, mbale zinayi, bulangete. Chithunzi changa chimene tinajambulitsa ku Limbe asananyamuke akuti chinasowa.

3.
Mlamu, ameneyu ndani?
Dolifa, mlongo wa Lufeyo, akuseka. Ndi chizindikiro cha kampani, Esinati. Ena amaikapo galu, ena tambala.
Galu ndikanamulola.
Ndiye mwapeza mkazi mnzanu wa pepala?
Pepalalo likugona pamwamba pa dzina la achimwene anu. Akadzabwera adzasankhe, iye kapena ine.

4.
Mu 1910 khoti la ku Mangalande linakana kuti mawu akuti galamafoni akhale a kampani imodzi, poti aliyense ankawatchula. Chimene chili pakamwa pa onse chilibe mwini.

5.
Esinati amadikira kuti mwana wake Tiyese apite kosewera kenaka amatenga singano yobuntha nayamba kukanda ndolo kenaka maso kenaka mpata wa m'mano uja mbale zonse zinayi mpaka pakati patayera ndipo akaikanso mbale mawu a Lufeyo amatulukabe okoma akuimbira munthu wosamutchula dzina ndipo poyera pomwepo

6.
Amazungulira.

7.
Chaka cha 1954. Lufeyo wabwera wopanda gitala, zala zili ndi zipsera. Kampani inamuchotsa chifukwa choswa mbale m'mashabini.
Ngati simunamusiye, bambo a Tiyese, tengani bulangete lanu muzipita kwanu.

8.
Mai a Tiyese, wojambula wa kampani anaona chithunzi chanu m'bokosi la gitala, nachibwereka. Anachotsa duku, anaika ndolo. Anakalembetsa ku boma kuti nkhopeyo ndi yawo. Nditakaipempha anati ndi katundu wa kampani. Amuna oledzera amakupsompsonani papepala ine ndikuona. Ndinaswa zimene ndinatha.
Akunyamula mbale zanga zokandakanda, akuzitembenuza.
Zinayi izi mwandithandiza, akutero.
Lilime langa likupeza mpata wa m'mano. Kwina, m'nyumba za eni, ndikuzungulira.