Manja a pa Thandala

"Awa ndi anthu kapena ntchentche?" anafunsa a Macloud, mphunzitsi wa zojambula pa koleji ina ya m'tauni ya Mangochi, akuloza timadontho pa laputopu ya Rahma.

"Ndi azimayi a kwathu ku Malindi, sala. Akuyanika usipa."

"Nanga bwanji ukuwaonera kumwamba ngati mphamba? Tsitsa kamera, tiwaone nkhope. Lachisanu ukabweretsa zomwezi, ubwereza chaka."

Rahma anatseka laputopu yake. Kanema wa makatuni wa mphindi imodzi yokhayo anali atamudyera masabata asanu, ndipo maso ake anali ofiira ngati a munthu wophikira nkhuni zaziwisi. Sikuti anasankha kuonera kumwamba chifukwa cha ulesi ayi. Bambo ake, a Mustapha, anali atanena kamodzi, ndipo iwowo mawu sabwereza: sukulu aphunzire ndithu, koma kujambula nkhope ya munthu ndi dzanja ndi haramu, choletsedwa pa chipembedzo chawo, mwana wawo asayerekeze.

Masana a tsiku lomwelo, Lachitatu, Rahma anakwera njinga yamoto kupita kwawo. Anapeza amayi ake, a Mwanabibi, atawerama pa thandala loyanikira nsomba, akutembenuza usipa. Anawafotokozera zonse, mawu akuchita kukoka ndi kutopa.

"Mapanga awiri avumbwitsa, mwanangu," anatero a Mwanabibi osadzutsa mutu. "Koma aphunzitsi akowo nkhope yanga akuifuniranji? Ine mwini wake ndimaiona pa Idi pokha."

"Akuti anthu adziwe mmene mumagwirira ntchito, amayi."

"Ndiye yamba wadziwa iweyo. Bwera uwerame apa."

Rahma anawerama pambali pawo. Nyanja inasowa, mapiri anasowa, ngakhale anthu odutsa anangotsala mapazi okha. Kutsogolo kwake kunali usipa wonyezimira mpaka kuwawitsa maso, ndi manja awiri a amayi ake ong'aluka ndi dzuwa, mamba atamatirira m'zikhadabo. Pomwepo anaona kuti kamera akaiika m'maso mwa amayi ake, nkhope sioneka, ndipo bambo ake sakhala ndi chonena. Kaya a Macloud akavomera, kaya akakana, iye analibenso mphamvu zofunafuna njira ina.

Anayenera kukondwa, koma chinamugwira ndi chisoni. Mphindi khumi zisanathe msana unali utayamba kale kumuwawa.

"Amayi, tsiku lonse mumaona zimenezi basi?"

"Kuyambira usanabadwe. Iwe umati ndimaona chiyani?"

Rahma anakakhala pansi pa mtengo wa mango n'kutsegula laputopu. M'kanemamo munali nyanja imene anaikongoletsa masabata awiri athunthu, mafunde ake akuyenda bwinobwino, chinthu chokhacho chimene anzake a m'kalasi anachiyamikira. Anaiyang'ana kanthawi, kenako anaifufuta yonse.

"Amayi, tembenuzani pang'onopang'ono," anatero, n'kuyamba kujambula chala chawo chachikulu.