Mkazi wa ku Zalewa

Ezekiele atabwerako ku Joni mu 1974, anthu a ku Matandani anati mlamu wa a Lameki wabwera wonenepa. Kunenepako sikunali kwa thanzi. Mnofu unathawa m'mikono n'kukaunjikana pamimba ndi pachifuwa. Ndevu zimene kale ankameta tsiku ndi tsiku zinkatha sabata osaphuka. Akalima mizere isanu, khasu linkamukana. Ndipo pamphasa, iye ndi mkazi wake Dailesi ankangogona ngati munthu ndi mlongo wake.

Mkamwini alibe munda, alibe ngakhale mtengo wa mango umene anadzala yekha. Chomusunga pamudzi wa eni ndi mphamvu zake basi. Ezekiele ankazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake sanauze munthu.

Anayamba ndi gondolosi, kutafuna mpaka nsagwada kuwawa. Sing'anga wa ku Matope anamutema mphini m'chiuno, nati anamulodza ndi mnzake wa kumigodi. Wina wa ku Zalewa anamupatsa botolo la madzi akuda, nalumbira kuti pakutha masiku atatu mkazi adzachita kupempha chifundo. Onsewo anadya nkhuku zake, ndipo palibe chinasintha. Ulendo uliwonse ankauza Dailesi kuti akukafuna ganyu, n'kubwera chimanjamanja, maso ali pansi.

Potsiriza anapita kuchipatala china chakutali kumene sankadziwika. Pachipata anaonetsa khadi la chipani, nakhala pamzere pakati pa amayi obereka ana. Adokotala anali mnyamata wa kumpoto. Anamvetsera osaseka, namuyang'ana pachifuwa ndi m'khwapa.

"Bambo, uwu si ufiti. M'thupi la mwamuna muli chinthu chimene chimayenda m'magazi, chopatsa ndevu, mphamvu ndi chilakolako. Chanu chikuoneka kuti chachepa. Ine kuno ndili ndi mankhwala a malungo ndi a mutu. Pitani ku Blantyre akakuyezeni, mwina jakisoni wake aliko."

"Mwina?"

"Mwina. Sindifuna kukunamizani."

Ezekiele anapinda kalata imene adokotala anamulembera n'kuika m'thumba la jekete. Amene anamulonjeza onse anali onama. Nanga uyu amene sanalonjeze n'komwe?

Pofika kwawo anapeza nkhani yapsa kale. Dailesi anali atadandaula kwa achimwene ake, a Lameki, mwini mbumba. Loweruka m'mawa ankhoswe anakhala pakhonde: a Lameki mbali ya mkazi, a Gerishon mbali ya mwamuna. Kuseri kwa nkhokwe amayi atatu ankatonola chimanga mwakachetechete kuposa masiku onse.

"Alamu," anatero a Lameki, "mlongo wangayu akuti chaka chatha osamukhudza. Akutinso ku Zalewa simuphonya. Ganyu wake ndi wotani wosabweretsa ngakhale mchere?"

"Wolima usiku ameneyo," anatero mayi wina kuseri kwa nkhokwe, anzake n'kudzitseka pakamwa.

A Gerishon anaweramira Ezekiele. "Mphwanga, ngati ndi matenda, nena. Matenda sathetsa banja. Koma ngati uli ndi mkazi wina, ine ndilibe pogwira."

Ezekiele anaika dzanja pathumba. Kalata inalimo, ndi chidindo chake. Akanangoitulutsa, mlandu ukanatha pomwepo. Koma a Lameki akanaiwerenga mokweza, monga ankawerengera vesi kutchalitchi, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukanadziwa kuti wa ku Joni uja anagwa mu mpapaya. Ana akanamuimba nyimbo. Pamaliro, amuna anzake akanamuuza kuti akakhale kwa ophika.

Anachotsa dzanja pathumba.

"Alipo," anatero. "Ku Zalewa."

"Dzina lake ndani?" anafunsa Dailesi. Aka kanali koyamba kulankhula.

"Dzina si la inu."

A Lameki anapukusa mutu, koma m'maso mwawo munali kaulemu kamene Ezekiele anali asanakaonepo chibwerere. Anamuuza kuti atenge zake azipita. Za mkamwini sizichedwa kumanga: bulangete, khasu, wailesi yopanda mabatire.

Dailesi anamutsatira mpaka pamtsinje, kumene kunalibe makutu a anthu.

"Bambo a Mailesi, imani. Dzana ndinkakutumula jekete lanulo, n'kupezamo kalata. Kuwerenga sindidziwa, koma chidindo cha chipatala ndimachidziwa. Ndinadikira kuti munene nokha."

"Ndiye bwanji simunanene inuyo pakhonde paja?"

"Matenda ndi anu. Ndikanakuvulani ine pamaso pa achimwene? Ndinakusumirani pamene ndinali ndisanaione kalatayo. Tiyeni tibwerere, mukawaonetse."

Ezekiele anayang'ana kumudzi. Amayi aja anali atatuluka kuseri kwa nkhokwe, ndipo iye ankadziwa zimene akunena: kuti bambo uja ndi tambala, akazi awiri. Kwa zaka ziwiri palibe anamunenapo zabwino chotero.

"Mailesi mukamuuze kuti ndapita kukafuna ntchito," anatero.

Anawoloka. Njira ya ku Zalewa ndi yaitali kwa munthu wa miyendo yofooka, ndipo anapuma kanayi asanatsike phiri. Pa kupuma kwachinayi anatulutsa kalata ija, naiwongola pabondo, nayang'ana dzina lake lolembedwa ndi dzanja la mnyamata wa kumpoto. Basi ya ku Blantyre inkadutsa pa Zalewa m'mawa. Ngakhale jakisoniyo akanapezeka, analibenso mphasa yobwererapo. Anaipindanso bwinobwino kuti thukuta lisaiwononge, nanyamula khasu lake.